KULANDIRA THANDIZO POLERA MWANA WOLUMALA

Kum'mawa kwa mzinda wa Johannesburg kuli dera lalikulu la migodi ndi mafakitale limene anthu akale analidziwa ndi dzina lakuti East Rand. M'caka ca 2000 matauni a m'derali, monga Germiston, Boksburg, Benoni, Springs, Kempton Park ndi Edenvale, pamodzi ndi makomboni akulu akulu a Tembisa, Katlehong ndi Daveyton, anaikidwa pansi pa ulamuliro umodzi, napatsidwa dzina latsopano lakuti Ekurhuleni. Liu limeneli ndi la Citsonga, ndipo tanthauzo lace ndi malo a mtendere.

Kwa omvera ambiri a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe malowa si acilendo. Agogo ao anapitako ndi Wenela kukakumba golide, ndipo lero adzukulu akupitabe pa basi kukafuna nchito za m'nyumba, za m'minda ya maluwa ndi za m'masitolo. Masiku a Wenela ankapita amuna okha. Masiku ano akazi nao akupita, ndipo ana akubadwira komweko. Mwa ana amenewa ena amabadwa olumala, kapena amalumala akali akhanda, monga zicitikira m'maiko onse. Bungwe la UNICEF linawerengera m'caka ca 2021 kuti ana olumala pa dziko lapansi ali pafupifupi 240 miliyoni, ndiko kunena mwana mmodzi pa ana khumi ali onse.

Nkhani ino ikunena za cinthu cimodzi cimene cimabvuta makolo a ana otere, makamaka akakhala kutali ndi kwao, ndico kulandira thandizo. Ubwino wa kupatsa ali yense anaphunzitsidwa akali mwana. Koma kulandira nako ndi nchito yofunika kuiphunzira, ndipo pena moyo wa mwana ndi wa amace umatsamira pa nchito imeneyi.

Katundu wosatula

Mwa zirema zimene zimagwira ana, cimodzi cofala ndi cimene madotolo amaciti cerebral palsy. Cimadza pamene ubongo wa mwana wabvulala asanabadwe, pobadwa, kapena m'zaka zace zoyamba. Mwana wotere amacedwa kulimba khosi, amacedwa kukhala, ndipo ena sayenda konse moyo wao wonse. Manja ndi miyendo zimauma, kapena zimagwedezeka mwini wace asakufuna. Ena nzeru zao ziri bwino bwino, lilime lokha ndilo lolemera; ena nzeru zomwe zimatsalira; ena amagwanso khunyu.

Mai wa mwana wotere tsiku lace limayamba kusanace. Phala liyenera kukhala losalala, ndipo kumdyetsa kungatenge ora lathunthu, pakuti akafulumira mwana amatsamwa, cakudya nkulowa m'mapapo. Matewera sathera pa zaka ziwiri monga kwa ana ena. Usiku ayenera kumtembenuza kuti asacite zironda za pogonera. Mbereko imene inali yopepuka mwana ali wa miyezi 6 imathyola msana akafika zaka 8. Komabe tsiku la ku cipatala likakwana mai amambereka, nayenda naye kufikira pokwerera takisi.

Kumudzi katundu uyu anthu amagawana osazindikira kuti akugawana. Agogo akhala pa khonde ndi mwana pamene amace ali ku munda. Mng'ono wa mai atunga madzi. Atsibweni a mwana abwereka njinga tsiku la ku cipatala. Koma m'kacipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ya eni ace ku Tembisa mulibe khonde, mulibe agogo. Bambo amacoka m'mamawa nabwera usiku, ndipo abambo ena amathawa ndithu akaona kuti mwana sakula monga anzace. Mai akapita ku nchito, mwana atsala ndi yani? Akakhala pa nyumba, lendi alipira ndi ciani?

Tsono mnansi, mwina amai acikulire a Cizulu, mwina mnzace wocokera kumudzi, aona zimenezi, nagogoda pa citseko, nati, "Amai a mwana, bweretsani zocapazo ndikucapireniko." Kawiri kawiri yankho limakhala lakuti, "Zikomo amai, musabvutike, ndimaliza ndekha." Mau amenewa ndi aulemu, ndipo ndiwo amene mwana woleredwa bwino anaphunzitsidwa. Koma mnansi akabwezedwa kawiri, kacitatu sagogodanso. Amaganiza kuti banjalo silifuna anthu, pamene m'nyumbamo mai akulira ndi kutopa.

Cifukwa ninji makolo amakana?

Cifukwa coyamba ndi manyazi, ndipo manyaziwo amadza ndi mau a anthu. Mwana akabadwa wolumala pamakhala manong'onong'o. Ena amati mai sanasunge mwambo ali ndi pakati. Ena amati analodzedwa. Ena amanena zowawa koposa, kuti makolo anakhwimira mwana wao kuti apeze cuma, ndipo mau otere amagwa msanga pa munthu wa ku Joni amene wamanga nyumba ya malata kumudzi. Kholo limene lamva zotere limatseka citseko, poganiza kuti wobwera ndi thandizo wabwera kudzaona zokanena.

Pamenepa mpofunika kunena poyera zimene madotolo akuzidziwa. Ubongo wa khanda umabvulala pamene mai wacedwa kucira ndipo mwana wasowa mpweya, pamene mwana wabadwa masiku asanakwane, pamene wadwala cikasu cacikulu m'sabata yoyamba, pamene wagwidwa ndi matenda oumitsa khosi, kapena pamene malungo akwera ku ubongo. Cirema cina, cimene cinatenga dzina la dotolo wa ku England, John Langdon Down, amene anacifotokoza m'caka ca 1866, cimadza cifukwa ca kanthu kakang'ono koonjezera, kochedwa chromosome, kamene kamalowa m'thupi la mwana pa ciyambi peni peni pa mimba. Ici cinadziwika m'caka ca 1959. Pa zonsezi palibe mlandu wa mai, palibe mlandu wa bambo. Ndipo munthu wopanda mlandu alibe cifukwa cobisalira.

Cifukwa caciwiri ndi kuopa ngongole. Anthu a ku Malawi ali ndi liu limene limakumbutsa mantha amenewa, ndilo thangata. Poyamba kuthangata kunali kuthandiza mnzako pa nchito yace, monga pa dima. Koma pa minda ya Azungu ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu liuli linasanduka dzina la nchito yokakamiza, yolipirira malo okhalapo, ndipo macitidwe amenewa anathetsedwa ndi lamulo m'caka ca 1962. Mtundu umene unaona thandizo likusanduka goli sucedwa kufunsa mumtima kuti, "Wandipatsayu adzafuna ciani?" Mai wa mwana wolumala amadziwanso kuti kusowa kwace sikudzatha mwezi wamawa, ndi kuti sadzatha kubweza mbale ndi mbale. Cotero amaona kuti nkwabwino kusayamba.

Cifukwa cacitatu ndi cikondi ceni ceni. Mai amadziwa yekha mmene mutu wa mwana uyenera kutsamira pomeza, ndi kulira kumene kuli kwa njala ndi kumene kuli kwa ululu. Amati, "Palibe wina angamgwire monga ine." Pa tsiku loyamba mau amenewa ndi oona. Koma akakhala oona zaka khumi, ndiye kuti tsiku limene mai adzagonekedwa m'cipatala mwana adzatsala m'manja mwa anthu osadziwa kanthu.

Cifukwa cacinai ndi ca alendo okha: kuopa kuti pa zenera la cipatala kapena la ofesi adzafunsidwa ziphaso zimene alibe.

Msilikali amene anabisidwa

M'tauni ya Edenvale, m'Ekurhuleni momwemo, muli nyumba imene mbiri yace ingathandize kholo loopa ngongole. Mbiriyi iyamba kutali, ndipo iyamba ndi munthu wolandira.

Pa nkhondo yaikulu yaciwiri, ya 1939 mpaka 1945, mnyamata wina wa ku South Africa, Daniel Hyams, amene anzace ankamuti Danny, anagwidwa ukaidi natengedwa ku Italy. Anathawa, nafika ku mapiri a kufupi ndi mzinda wa Bergamo, pa kamudzi kochedwa Albenza. Kumeneko banja la a Rota linamlandira, kumdyetsa ndi kumbisa, ngakhale kuti masiku amenewo kubisa mkaidi wothawa kunali kuika moyo pa ciswe. Mnyamatayo analibe comwe akanalipira. Akadanena kuti, "Musabvutike, ndiona ndekha," mwina nkhani yace ikadathera m'mapirimo.

Nkhondo itatha anabwereranso ku Albenza, ndipo m'caka ca 1947 anakwatira mwana wamkazi wa m'banja lija, Domitilla Rota, amene anabadwa m'caka ca 1918. Anadza naye ku South Africa, nakhazikika ku Edenvale, nabereka ana 6.

M'caka ca 1967 Domitilla, ataona kubvutika kwa amai olera ana a nzeru zotsalira kwambiri, anayamba kusamala ana otere usana, kuti amai ao apumeko. Anayamba ndi atsikana atatu, ndi mphatso ya marandi 10. Iye anali wa mpingo wa Katolika, koma cipinda cimene anayambiramo cinali ca mpingo wa Methodist. Nchitoyo anaicha Little Eden, ndiko kunena Edeni Wamng'ono. Inasamuka kangapo isanapeze malo ace ace, ndipo m'kupita kwa zaka inasanduka mudzi wokhalamo usana ndi usiku. M'masiku a tsankho, pamene malamulo a dzikolo ankalekanitsa anthu potsata khungu, nyumbayi inalandira ana akuda ndi oyera omwe.

Domitilla anamwalira m'caka ca 2011, ndipo Danny anamtsatira m'caka ca 2012. Pa nthawi imeneyo Little Eden inali kusamala ana ndi akulu okwana 300 pa malo awiri: nyumba ya ku Edenvale, ndi munda wa ku Bapsfontein umene unachedwa Elvira Rota Village, pokumbukira amai ace a Domitilla. Ambiri mwa okhalamo ndi aja anasiyidwa ndi abale, kapena ocokera m'mabanja osauka, ndipo ambiri nzeru zao ziri ngati za mwana wa caka cimodzi, ngakhale thupi liri la munthu wamkulu. Ndalama zina zimacokera ku boma, zina ku mphatso za anthu, zina ku malonda a zinthu zakale ndi a mtedza wa pecan wolimidwa pa mundawo.

M'mbiri imeneyi muli zinthu zitatu zoyenera kuziona. Danny sanabweze kwa a Rota mbale ndi mbale. Cifundo cimene analandira m'mapiri a ku Italy cinakabwezedwa, zaka zambiri zitapita, kwa ana a anthu ena ku dziko lina. Akale anati kupatsa nkuika, koma sananene kuti woika adzatola pa malo pomwe anaikapo. Domitilla naye, ngakhale akumbukiridwa monga wopatsa, anali wolandira tsiku ndi tsiku: cipinda ca eni, ndalama za eni, manja a eni. Ndipo makolo a atsikana atatu aja anacita cinthu cobvuta ndithu, pakupereka mwana wosalankhula m'manja mwa munthu amene sanali mbale wao. Akadakana, nchito ija ikadasowa poyambira, ndipo ana mazana a m'mbuyo mwao akadasowa pofikira.

Izi sizikutanthauza kuti mwana wolumala ali yense apite ku nyumba zotere. Malo ace ndi ocepa, ndipo ana ambiri amakula bwino koposa pakati pa abale ao. Phunziro ndi lakuti palibe wina m'nkhaniyi amene anasenza yekha.

Thandizo limene liri ufulu

Thandizo lina si mphatso konse, koma ndi gawo la mwana lolembedwa m'malamulo, ndipo kholo lolikana limamana mwana cimene ciri cace.

Ku South Africa kuli ndalama ya mwezi ndi mwezi yochedwa Care Dependency Grant, imene bungwe la boma la SASSA limapereka kwa wolera mwana wosakwana zaka 18 amene cirema cace cifuna cisamaliro ca nthawi zonse. Dotolo amayamba wamuyesa mwanayo, ndipo a boma amaonanso mapezedwe a banja. M'caka ca 2024 ndalamayi inali yoposa marandi 2,000 pa mwezi. Poyamba inali ya nzika zokha. Koma m'caka ca 2004 bwalo lalikulu loona za malamulo a dziko, pa mlandu wodziwika ndi dzina la Khosa, umene anadandaula anthu ocokera ku Mozambique, linagamula kuti alendo amene anapatsidwa cilolezo cokhazikika m'dzikomo asamanidwe ndalama zotere. Othawa nkhondo obvomerezeka ndi boma naonso amalandira. Mlendo wopanda cilolezo salandira, ndipo ici ciyenera kunenedwa poyera kuti wina asanyengedwe ndi anthu ogulitsa mapepala abodza.

Komabe pali zitseko zina zosafunsa ciphaso. M'mwezi wa April 2023 bwalo lalikulu la ku Johannesburg linalamula kuti ana osakwana zaka 6, amai apakati ndi amai oyamwitsa alandire cithandizo caulere m'zipatala za boma, posayang'ana dziko limene anacokera. M'caka ca 2019 bwalo la ku Makhanda linagamula kuti mwana asacotsedwe pa sukulu cifukwa cosowa mapepala. Ndipo m'caka ca 2010 bwalo la ku Western Cape linanena kuti ana a nzeru zotsalira kwambiri naonso ali ndi ufulu wa maphunziro, ndi kuti boma liyenera kuwakonzera. Nzoona kuti colembedwa m'lamulo sicifika msanga pa zenera liri lonse, ndipo alendo ena amabwezedwabe. Koma kholo lodziwa lamulo limaima mosiyana ndi kholo loganiza kuti likupempha.

Zaka zoyamba ndizo zofunika koposa. Akatswiri oongola ziwalo amaphunzitsa mai kukhazika mwana, kumuongola manja ndi miyendo, ndi kumdyetsa osamtsamwitsa. Ubongo wobvulala sucira, koma mwana woyamba msanga amaphunzira zambiri, ndipo mfundo za thupi lace siziuma. Khunyu nalo liri ndi mankhwala amene amacepetsa kugwa, akamwedwa tsiku ndi tsiku. Mwezi uli wonse umene mwana wabisidwa m'nyumba ndi mwezi wotayika.

Kulandira ndi maso otsegula

Kulandira thandizo si kutaya mwana, ndipo si thandizo liri lonse limene liri labwino. Cigawo ca Gauteng, mmene muli Ekurhuleni, cinaphunzira ici ndi misozi. M'caka ca 2016 a zaumoyo a m'cigawoco, pofuna kucepetsa ndalama, anacotsa odwala maganizo ndi a nzeru zotsalira oposa 1,000 m'zipatala za Life Esidimeni, cimodzi ca izo ciri ku Germiston, nawatumiza ku timabungwe tambiri tosayenera nchitoyo. Abale ambiri sanauzidwe kumene odwala ao anapita. Anthu 144 anamwalira, ambiri ndi njala, ludzu, kuzizira ndi kusasamalidwa. M'mwezi wa March 2018 woweruza wopuma, Dikgang Moseneke, analamula boma kulipira mabanja ao.

Amene anafa anali akulu akulu, koma phunziro lace likhudza makolo a ana. Anthu amene anaulula zoipazo anali abale amene sanaleke kufunafuna, kufunsa ndi kugogoda pa maofesi. Cotero kholo lopereka mwana ku malo osamalira ana usana, kapena ku nyumba yokhalamo, lifunse ngati malowo ndi olembetsedwa ku boma. Lipiteko tsiku limene silikuyembekezeka. Lione khungu la mwana, kulemera kwace, ndi nkhope yace akaona omsamala. Malo abwino sakwiya ndi mafunso. Licenjerenso ndi ali yense wolonjeza kuciza cirema ndi ndalama zambiri, kapena wonena kuti mwana aleke mankhwala a khunyu, kapena wofuna kuyenda naye m'miseu kuti apemphere ndalama.

Kalandiridwe kabwino

Nanga kholo lingalandire bwanji thandizo osataya ulemu wace?

Coyamba, lichule cinthu ceni ceni. Anthu ambiri amafuna kuthandiza, koma sadziwa poyambira, ndipo amaopa kulakwa. Wina akati, "Mukafuna kanthu munene," yankho labwino ndi lakuti, "Zikomo acemwali, Lacinai ndiri ndi ulendo wa ku cipatala, mungandinyamulireko cikwama?" Nchito yaing'ono yodziwika imapepukira woicita, ndipo amabweranso.

Caciwiri, liphunzitse anthu ena awiri kasamalidwe ka mwana: kadyetsedwe, nthawi ya mankhwala, ndi cocita akagwa khunyu, ndiko kumgoneka cammbali, kucotsa zinthu zimene zingamubvulaze, osaika kanthu m'kamwa. Woyamba kuphunzira akhale bambo wa mwana, pakuti bambo wosambitsa mwana wace sakuthandiza mkazi wace, akulera mwana wace. Wophunzira adzalakwitsa poyamba, monga mai mwini analakwitsa. Asalandidwe supuni pa kulakwa koyamba.

Cacitatu, lifune makolo anzace. Pa mzere wa ku cipatala pali amai ena obereka ana akulu akulu, ndipo iwo ndiwo adziwa kumene kupezeka njinga za olumala, sukulu imene ilandira ana otere, ndi ofesi yoyenera kupitako. Kwa iwo palibe cocititsa manyazi. Anthu a ku Malawi okhala ku Joni ali ndi magulu a cipereganyu, a maliro, a mipingo ndi a mizikiti. Gulu limene litha kusonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi lingathenso kusonkha za njinga ya mwana wamoyo, likauzidwa.

Cacinai, lisasenzetse zonse mlongo wa mwanayo. M'mabanja ambiri okana thandizo la kunja, katundu amagwera mtsikana wa zaka khumi, amene amaleka sukulu nakhala mlezi. Pamenepo cirema ca mwana mmodzi calanda tsogolo la ana awiri.

Cacisanu, likumbuke kuti kupuma si kulakwa. Mai amene wagona tulo tokwanira tsiku limodzi pa sabata amakhala ndi mtima woleza masiku enawo. Mai wosapuma amadwala msana, amadwala maganizo, ndipo mwana amataya munthu amene amamdalira koposa onse.

Opatsa naonso ali ndi gawo lao. Amuche mwanayo dzina lace, nampatse moni monga apatsa ana ena, ngakhale sayankha. Maina onyoza aja asamveke pa khomo. Asafunse cimene cinacitika ngati mwini sanayambe kunena. Asalengeze pa msonkhano zimene apereka. Akabwezedwa koyamba asakhumudwe, pakuti "musabvutike" kawiri kawiri ndi ulemu cabe. Ndipo alole kuti wothandizidwa abweze cimene angathe, kaya ndi kapu ya tiyi, kaya ndi kusoka cobvala cong'ambika, pakuti ubwenzi umakhala pamene mbale iyenda uku ndi uku.

Kumudzi nako

Zimene zanenedwa za Ekurhuleni zikhudzanso omvera amene sanaoloke Limpopo, ndi iwo amene alandira mdzukulu wolumala wotumizidwa kucokera ku Joni kuti agogo alere. Agogo otere asasiyidwe okha ndi ndalama za pa lamya, afunika manja.

M'maiko atatu onse muli zitseko zoti munthu agogode. Ku Bulawayo, Jairos Jiri, munthu wamba amene anayamba ndi kutola akhungu ndi olumala opempha m'miseu, anakhazikitsa bungwe lace m'caka ca 1950, ndipo linapitirira iye atamwalira m'caka ca 1982. Ku Malawi makolo a ana olumala ali ndi bungwe lao lao lochedwa PODCAM. Zipatala za CURE, zimene zimacita opaleshoni ana a mapazi opindika ndi a zirema zina za mafupa, zinatsegulidwa ku Blantyre m'caka ca 2002, ku Lusaka m'caka ca 2006, ndi ku Bulawayo m'caka ca 2021. Mwana wobadwa ndi mapazi opindika akafika msanga, mapaziwo amaongoka ndi pulasitala m'masabata owerengeka, nadzayenda monga anzace. Akacedwa, nchito imakula.

Akale anati mutu umodzi susenza denga, ndipo mwambi umenewu anthu amakonda kuunena kwa iwo amene aima pambali osagwirako. Koma ukunenanso kwa mwini denga. Anthu sangalisenze ngati iye sanawaitane, kapena ngati awabweza pa cipata. Mwana wolumala ndi mwana wa pa mudzi monga ana onse, ndipo ayenera kudziwa nkhope zambiri ndi manja ambiri, kuti tsiku limene amace adzadwala, kapena kukalamba, kapena kutsogola, asadzatsale pakati pa alendo.

Cotero mnansi uja akadzagogodanso, nati, "Amai a mwana, bweretsani zocapazo," pali yankho lina laulemu comwecho, limene lingasunge moyo wa anthu awiri: "Zikomo amai, lowani, mwana wanu ali apa, mpatseni moni."